Musanalipire kareti, kaoneni kaye mphunzitsi

Awa ndi mawu amene tinayankhula Loweruka pa Mponela, titakumana ndi atsikana a ku Dowa ndi ku Ntchisi. Ambiri munapempha kuti tiwaike pano.

Zikomo pobwera, makamaka inu amene mwatsika pa kabaza kuchokera ku Ntchisi boma ndi ku Malomo, fumbi lili mbuu kumaso.

Funso limene mumatifunsa kawirikawiri ndi ili: "Ndikufuna kuphunzira kudziteteza, ndiyambe kareti, judo kapena nkhonya?" Ife tikuti dzina la masewera lisakuzunguzeni mutu. Chimene mukusankha kwenikweni ndi munthu amene azikuphunzitsaniyo.

Tikutero chifukwa tinapsa nazo. Chaka chatha tinatumiza atsikana asanu kwa mphunzitsi wina wa kareti. Lamba wakuda anali naye, zithunzi pa Facebook zinali mbwee, ife n'kumati tapeza katswiri. Patatha miyezi iwiri mmodzi anangosiya. Titakhala naye pansi anatiuza kuti akuluwo ankamuuza kuti azitsalira anzake akaweruka, ati ali ndi luso lapadera, ndipo pomuwongola manja awo ankafika kosayenera. Tinasungitsa mbuzi kwa fisi. Nkhaniyo tinakaitula ku Victim Support Unit ya polisi, ndipo mnzathuyo watilola kuti tiinene popanda dzina lake. Kulakwa kwathu kunali kwakuti sitinapite kukaonerera ngakhale tsiku limodzi.

Ndiye choyamba n'chimenecho: kaonerereni musanatulutse ndalama. Mukakhale pambali kuyambira poyamba mpaka aweruke. Mphunzitsi wabwino sakana, ngakhale mutabwera ndi amayi anu. Muwerenge atsikana amene alipo. Akaweruka mukokere mmodzi pambali, kumene mphunzitsi sakumva, mumufunse kuti wakhalapo nthawi yaitali bwanji, nanga anzake amene anasiya anasiyiranji. Malo amene atsikana amangolowa n'kutuluka pamakhala chifukwa.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, onetsetsani mmene akugwirira anthu. Masewerawa ndi ogwirana, zimenezo sitikana. Mu judo mumagwirana malaya, kugwetsana, kupanikizana pansi. Koma mphunzitsi wabwino amayamba wapempha asanakugwireni, amaonetsa zonse pagulu, chitseko chili chotsegula, ndipo za "utsale ndikuphunzitse wekha" alibe. Mu judo muli lamulo lakuti mnzako akagogoda kawiri pamphasa kapena pathupi pako, umamusiya pompo. Onani ngati lamulo limeneli likugwira ntchito kwa aliyense, kwa mphunzitsi yemwe. Ngati simungathe kunena kuti ayi kwa mphunzitsi wanu m'holo yodzaza anthu, mudzanena bwanji kwa abwana mu ofesi muli awiriwiri?

Chachitatu, tsiku loyamba akuphunzitsa chiyani? Judo anaiyambitsa Jigoro Kano ku Japan mu 1882, ndipo mpaka lero wophunzira watsopano amayamba ndi kugwa: kugwa osamenyetsa mutu, osathyola mkono. Ngati tsiku loyamba akukuphatikizani ndi chimnyamata chakuti chikuswani ati mulimbe, nyamulani chikwama muzipita. Wina akakulonjezani kuti pakutha pa masabata awiri muzigwetsa amuna atatu, zimenezo ndi za m'mafilimu. Lamba wakuda asakuopseninso, ndi nsalu, amagula. Funsani amene anawapatsa, komanso ngati kalabu yawo ikudziwika ku bungwe la masewerawo lomwe lili pansi pa Malawi National Council of Sports. Munthu woona sakwiya ndi funso limeneli.

Chachinayi, nthawi ndi njira. Kuno si ku Area 47 kumene umangoitana galimoto pafoni. Maphunziro akamatha dzuwa litalowa, inu n'kumakwera phiri nokha kapena kukwera kabaza wosamudziwa, ndiye kuti mwagula vuto limene mumathawa. Sankhani a masana, muzipita awiriawiri. Ndalama nazo muwerengeretu zonse: ya pamwezi, ya yunifolomu, ya mayeso a lamba, ya thiransipoti. Akuuzeni zonse poyera tsiku loyamba.

Pali chinanso chimene makalabu ambiri saphunzitsa. Tonse pano tikudziwa kuti amene amatichitira nkhanza nthawi zambiri si chigawenga chobisala m'tchire ayi. Ndi chibwenzi, wachibale, aphunzitsi, abwana. Munthu wotere sayamba ndi chibakera, amayamba ndi mawu. N'chifukwa chake maphunziro a IMPower, amene bungwe la Ujamaa Pamodzi linabweretsa m'sukulu, amaphunzitsa kuzindikira msanga ngozi, kukana mokweza, kukuwa, kuthawa ndi kukanena, kumenya kumabwera pomaliza. Kafukufuku amene anatuluka mu 2018, wotsogozedwa ndi akatswiri a ku Johns Hopkins University, anachitika m'sukulu za ku Lilongwe, Dedza ndi Salima, ndipo anapeza kuti kugwiriridwa kunachepa pakati pa atsikana amene anaphunzira. Mufunse mphunzitsi wanu kuti: "Nanga za pakamwa mumaphunzitsa?" Akakusekani, mwadziwa.

Tisakuopsezeni mpaka musiye. Malo abwino alipo, ndipo masewerawa ndi athu. Konkuno ku Dowa, ku kampu ya Dzaleka, achinyamata akuphunzira judo mothandizidwa ndi International Judo Federation. Harriet Bonface anaimira Malawi pa judo ku Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021. Anisha Basheel anakatenga lamba wa nkhonya wa Commonwealth ku London mu 2018. Mpaka 1993 lamulo linkaletsa amayi athu kuvala buluku pagulu, lero ife tikuvala n'kumagwetsana pamphasa. Wina akati za amuna izi, mumutchulire mayina amenewa.

Koma timvane bwino. Kudziteteza si ngongole imene mtsikana ali nayo. Amene sanaphunzire, kapena anaphunzira koma tsikulo thupi linangouma ndi mantha, alibe mlandu. Mlandu ndi wa wochita nkhanzayo, ndipo lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kugwiragwira munthu kapena kumuyankhula zachisembwere iye asakufuna, kaya wochitayo wavala suti kaya lamba wakuda.

Ndiye tichite chonchi. Amene mukudziwa kalabu pa Mponela, ku Madisi, ku Dowa boma kapena ku Ntchisi, mulembetse dzina lake kwa asisi ali pakhomowo musanatuluke. Loweruka likubwerali tigawana awiriawiri kukaonerera, mafunso aja ali m'manja. Palibe mtsikana amene timutumize kwina kulikonse ife tisanakhalepo pabenchi n'kuona tokha.

Amene mukubwerera ku Ntchisi, nyamukani kusanade.