Chidule cha Khutba ya Lachisanu: Mphatso ya Idi kwa Otigwirira Ntchito

Tikumtamanda Allah amene amadyetsa wolemera ndi wosauka, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Muhammad, akubanja lake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, Ramadhan ikupita kumapeto ndipo Idi yayandikira. Ambiri mwa ife tili ndi anthu otigwirira ntchito: alovi amene amachezera panyanja ndi chilimira chathu, mnyamata wa m'golosale, mlonda, ndi mayi wotiphikira pakhomo. Kodi anthu amenewa tiwapatsa chiyani, ndipo tiwapatsa motani?

Choyamba, mphatso imayambira pamene malipiro athera. Ibn Majah adalandira hadisi yotilamula kulipira wantchito thukuta lake lisanaume. Bukhari nayenso adalandira hadisi yonena za anthu atatu amene Allah adzatsutsana nawo pa Tsiku la Chiweruzo, ndipo mmodzi wa iwo ndi wolemba ntchito amene adagwiritsa munthu ntchito yonse koma osamulipira. Choncho amene ali ndi ngongole ya miyezi iwiri kwa mlonda wake asaganize kuti nsalu ya Idi ifufuta ngongoleyo. Ayambe walipira. Kumbukirani kuti Mtumiki (SAW) adauza Ali (RA) kuti wosenda nyama ya nsembe asalipidwe ndi nyamayo, koma alandire malipiro ake padera. Chimodzimodzinso Zakatul Fitr, yomwe ndi muyeso wa sa' imodzi ya chakudya pa munthu aliyense, pafupifupi makilogalamu 2.5 kufikira 3, yoperekedwa swala ya Idi isanachitike. Wantchito wosauka angathe kuilandira chifukwa cha umphawi wake, koma siwerengedwa ngati gawo la malipiro.

Chachiwiri, mphatso yabwino imachokera pa kumudziwa munthu. Mwezi wa Chisilamu umabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, kotero zosowa za pa Idi zimasinthanso. M'chaka cha 2025 Idi ya Fitr idagwa kumapeto kwa Malichi, nthawi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitagona ndipo chimanga chakumunda sichinaume. Pa nyengo yotere thumba la ufa kapena mpunga, mafuta ophikira ndi shuga zimaposa chokongoletsa m'nyumba. Idi ikagwa m'miyezi ya mwera, mlovi wogona panyanja amasowa chovala chothana ndi mphepo. Wina ali ndi mwana wofuna yunifolomu ndi makope. Wina kwawo n'kutali, ndipo chimene mtima wake ukulakalaka ndi ndalama yoyendera ndi masiku atatu okaona makolo. Zimenezi simungazidziwe ngati simunamufunsepo za banja lake. Funsani mwaulemu, ndipo ngati mukukayika, mpatseni ndalama asankhe yekha.

Chachitatu, musasankhe chimene inu mwatopa nacho. Sura ya Al-Baqara, ndime 267, ikutiletsa kupatula choipa kuti ndicho tipereke, chimene ife eni sitikadachilandira mokondwa. Malaya ong'ambika ndi katundu wa m'golosale amene masiku ake adatha si mphatso. Kumeneko n'kusesa m'nyumba. Abu Dharr (RA) ankaveka wantchito wake chovala chofanana ndi chake, chifukwa Mtumiki (SAW) adamuphunzitsa kuti otitumikira ndi abale athu, oyenera kudya chimene tikudya ndi kuvala chimene tikuvala.

Chachinayi, samalani kaperekedwe. Ndime 264 ya sura yomweyo ikutichenjeza kuti kukumba ndi kunyoza kumawononga sadaka. Musamuimike wantchito pamaso pa alendo kuti akuthokozeni, ndipo musadzamukumbutse za thumba la mpunga tsiku limene adzapemphe kuwonjezeredwa malipiro. Perekani kusanafike tsiku la Idi kuti mkazi wake akonzekere ndi ana ake asokeredwe zovala. Ngati antchito ali angapo, chitani chilungamo kuti mphatso isabale kaduka m'boti limodzi. Wantchito amene si Msilamu musamudumphe: sura ya Al-Mumtahana, ndime 8, ikutiloleza kuchitira zabwino ndi chilungamo anthu amene tikukhala nawo mwamtendere.

Pomaliza, pali mphatso yosafuna ndalama. Idi ya Fitr ndi tsiku la tchuthi m'dziko lathu, koma m'makomo ambiri wophika amatandala pamoto pamene eni nyumba ali ku swala. Mmasuleni akaswali ndi kukadya ndi ana ake. Anas bin Malik (RA) adatumikira Mtumiki (SAW) zaka 10, ndipo chimene ankachikumbukira kwambiri n'chakuti sadamvepo mawu okalipa kuchokera kwa iye.

Akuluakulu adati kupatsa n'kuika. Tikupempha Allah alandire swaumu yathu, adalitse malonda athu ndi maukonde athu, ndipo asatiimike pa Tsiku la Chiweruzo tili ndi thukuta la munthu m'manja mwathu. Amin.