Mwana Wodzigwetsa Pansi Sanalodzedwe



Mwandiitana kudzatsegula sukulu ya mkombaphala iyi. Koma polowa paja ndinaona kamwana kakugubuduzika m'fumbi, kakulira mokuwa, mayi ake manyazi atawagwira. Ndiloleni ndikayankhulire kamwanako.

Khalidweli limayamba mwana akatha chaka chimodzi, limakula pa zaka 2 ndi 3, ndipo ambiri amayamba kulisiya akamafika zaka 4. Si mwano, si kulodzedwa, si kuti mayi analephera kulera. Pa msinkhu umenewu mwana amadziwa chimene akufuna, koma mawu ake ndi ochepa, ndipo mbali ya ubongo imene imathandiza munthu kuugwira mtima imakhala isanakhwime. Onjezanipo njala, tulo, kapena kumuletsa kuyamwa chifukwa kumsana kwabwera wina. Ife akulu tikakwiya timakadandaula kwa ankhoswe. Iyeyu akadandaule kuti? Pansi basi.

Ena mukuti kuwongola mtengo n'poyamba. Zoona. Koma mtengo wanthete ukaumenya umathyoka. Chikwapu chimangomuphunzitsa kuti wamkulu akakwiya amamenya, ndipo mawa akamenya mnzake pomwe pano. Chinanso chimene chimandiwawa ndi kuopseza kuti "adokotala akubaya jakisoni". Tsiku la sikelo mudzamukoka bwanji?

Ndiye titani? Muchotseni pafupi ndi moto kapena msewu, khalani naye pafupi, musakuwe. Ngati munakana mandasi pamsika, musagule chifukwa choti anthu akukuyang'anani. Mukagula lero, mawa adzagubuduka kawiri. Akatonthola, munyamuleni, mumuuze kuti, "Unakwiya eti, umafuna mandasi." Mukatero mukumupatsa mawu amene anamusowa aja.

Alipo ana ena amene polira amabanika mpaka kukomoka kwa kanthawi. Ameneyo, komanso amene amadzivulaza kapena sakusintha atapitirira zaka 5, pitani naye kuchipatala, chifukwa kubanika kotere nthawi zina kumayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi.

Alezi, phala lisamachedwe. Abambo, ntchito iyi si ya amayi okha. Mwana akalira musamathawire ku bawo. Ndipo inu agogo, mayi akakana chinthu, chonde musamapereke kuseri.

Sukulu yathu ndaitsegula.