Munda Umene Mukulimawo Unachokera Kwa Yani?

Kopaletivu yathu yakwanitsa zaka khumi, koma minda imene mukulimayi ndi yakale kuposa tonsefe. Lero ndikufuna muganizire anthu awiri, agogo anu aamuna ndi agogo anu aakazi. Banja lawo linali lotani? Kodi bambowo anali mkamwini, wolima dothi la kuchikazi, kapena anapempha chitengwa n'kupita ndi mkazi kwawo? Si funso lachibwana ayi. Mlandu wa malo ukafika pabwalo, amfumu amayambira pomwepo.

Akuluakulu sasunga zaka, amasunga zochitika. Afunseni kumene banjalo linali pa njala ya 1949. Akatchula Wenela, dziwani kuti kunali 1974 isanadutse, chaka chimene Kamuzu analetsa ulendowo ndege itagwa ku Francistown. Akati Theba, ndi pambuyo pake. Nanga abambo ali ku Joni zaka zonsezo, ndani ankagalauza, kupalira, kukolola, n'kusenza chimanga mpaka kumsika? Amayi, eti? Komatu mbiri ya pabanja ikamanenedwa, dzina lawo ndi limene limayamba kusowa, ndipo zimenezi ine sizindisangalatsa.

Lamulo la malo la 2016 likulola kulembetsa munda wa makolo, ndipo polembetsa mudzafunika kufotokoza mmene unafikira m'manja mwanu. Tengani kope mukakhale pansi ndi amalume kapena azakhali akadali moyo. Lembani mayina a awiriwo, midzi yawo, ana awo, ngakhale mitengo ya m'malire. Mukamve za kuchimuna padera, za kuchikazi padera, chifukwa nthawi zambiri sizifanana.