Kaufiti sadzatha ndi khasu lokha: mawu oyankhulidwa pamsonkhano wa alimi



Lero tikambirane za kaufiti. Ambiri timamutenga ngati tsoka, ena mpaka kuganizira anansi. Koma kaufiti akachuluka, dziwani kuti nthaka yaguga.

Njere zake n'zazing'ono ngati fumbi, ndipo zimatha kukhala m'nthaka zaka zoposa 10 osamera. Zimadikira timadzi tina timene mizu ya chimanga imatulutsa. Zikangotimva zimamera, n'kudziphatika kumuzu, n'kuyamba kuyamwa madzi ndi chakudya cha chimangacho. Pamene tikuona maluwa ofiira aja, chimanga chimakhala chitapinimbira kale. Chonde chikachepa, mizu imatulutsa timadzi tija tochuluka, choncho kaufiti amachulukiranso. Kubzala chimanga pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka ndiko kumuweta.

Komabe m'munda simukhala olimbirana chakudya okhaokha, mulinso othandizana. Soya, mtedza ndi thonje zimapusitsa njere za kaufiti wam'chimangayu: zimamera, koma posowa muzu woti ziyamwe, zimafa. Kumizu ya mbewu za m'gulu la nyemba kuli timatuza momwe mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Tizilomboti timatenga mchere wa nayitirojeni mumpweya n'kupatsa mbewu, ndipo mbewuyo imatibwezera chakudya. Nandolo amakula pang'onopang'ono poyamba, motero salimbana kwambiri ndi chimanga kapena mtedza, ndipo masamba ake akayoyoka amasanduka manyowa. Nawo msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, choncho sutchingira chimanga dzuwa. Alimi a ku Salima ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja ndi mboni kuti pansi pa msangu chimanga chimachita bwino.

Boma litayambitsa ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo mu 2005, maso athu onse anali pa feteleza ndi chimanga. Feteleza ndi wofunika, sitikukana, koma yekha sangabwezeretse nthaka yoguga. Tsono tikupempha zinthu zitatu.

Choyamba, boma lionetsetse kuti mbewu yabwino ya nandolo, soya ndi mtedza ikufika kumidzi mvula isanagwe, komanso kuti misika yake ndi yodalirika. Mlimi sangachite kasinthasintha ndi mbewu yosowa wogula.

Chachiwiri, alangizi achuluke ndipo azifika m'minda mwathu.

Chachitatu, mafumu athu, khazikitsani malamulo oletsa kutayirira mbuzi ndi ng'ombe nandolo asanakololedwe, kutentha mapesi ndiponso kudula misangu.

Ifenso alimi tili ndi mbali yathu. Tizizula kaufiti asanachite maluwa, ndipo tizizula mudzi wonse, pakuti njere za m'munda wa mnzako mphepo ndi madzi zimabweretsa kwako. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.