Chikwangwani cha Sukulu Sichiphunzitsa Masamu



Funso limene likusowetsa tulo makolo ambiri kuno kwa Maganga ku Salima ndi lakuti, mwana amene waonetsa mutu pa masamu ndi sayansi apite ku sukulu ya boma, kapena banja ligulitse mpunga ndi usipa kuti akalowe sukulu ya pulaiveti, ndiye kuti sukulu imene mwini wake ndi munthu kapena bungwe ndipo imayendera fizi ya makolo. Funsoli lili ndi mbiri yake. Boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo khamu limeneli litayamba kugogoda pa makomo a sekondale, malo anachepa kotheratu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, malo amene kale ankaphunzirirapo maphunziro a m'makalata anasandutsidwa ma CDSS, omwe ndi masekondale oyendera a m'madera, ndipo ambiri mwa iwo anayamba opanda labotale, akudalira aphunzitsi amene anasulidwira ntchito ya ku pulayimale. Mpata umenewu ndi umene sukulu zoyima pazokha zinalowerapo, zina mwaulemu, zina mongofuna ndalama.

N'chifukwa chake dzina lakuti pulaiveti silinena zambiri. Limakuta Kamuzu Academy ya ku Mtunthama m'boma la Kasungu, imene inatsegulidwa mu 1981 ndipo ili ndi zipangizo zimene sukulu zambiri zimangozimva, koma limakutanso kanyumba kochita lendi kuseri kwa msika, kamene mphunzitsi wake wa Chemistry anangomaliza Folomu 4 ndipo mawa akhoza kuchoka malipiro akachedwa. Dzina lakuti ya boma nalonso limakuta sukulu zikuluzikulu zogonera konko monga Dedza Government, limakhudza sukulu za mishoni zothandizidwa ndi boma monga Likuni Boys, ndipo limafikanso pa CDSS imene ana amayenda mtunda wautali kuti akaipeze. Kholo loyang'ana chikwangwani chokha likufanana ndi munthu wogula bwato poona penti, osagogoda matabwa ake.

Chofunika kuchifufuza chili m'kati mwa kalasi. Sayansi simalowa m'mutu pokopera manotsi pa bolodi. Imalowa pamene mwana wagwira yekha kapepala ka litmus, kamene kamasintha mtundu posonyeza ngati madzi ali ndi asidi, n'kukaviika m'madzi a mandimu, n'kuona ndi maso ake kakusanduka kofiira, kenaka n'kukaviika m'madzi a phulusa n'kuona kakubwerera ku buluu. Mwana amene wachitapo zimenezi sanjenjemera pa mayeso a pulakitiko a MSCE amene bungwe la MANEB limakonza, pomwe mnzake amene akuona galasi loyezera koyamba tsiku la mayeso amataya nthawi pongofuna pogwira. Choncho kholo likafika pa sukulu iliyonse, lipemphe kulowa m'labotale, lione ngati mabotolo ali ndi mankhwala kapena fumbi, lifunse kumene mphunzitsi wa masamu anachita maphunziro ake ndi zaka zimene wakhala pamalopo. Likauzidwa kuti ana onse anakhoza, lifunsenso kuti analemba Physics ndi Chemistry ndi angati, pakuti n'kosavuta kukongoletsa zotsatira pouza ana ofooka kuti asiye maphunziro ovuta, ndipo mwana wotero amatsekeredwa khomo la udokotala ndi uinjiniya asanadziwe n'komwe.

Boma liyenera kuyamikiridwa pa zimene lachita. Mu 2004, mothandizana ndi dziko la Japan, linayamba kusula aphunzitsi a masamu ndi sayansi ali pa ntchito kudzera m'ndondomeko ya SMASSE, imene imalimbikitsa kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi. Makoleji a Domasi ndi Nalikule akutulutsa aphunzitsi a sekondale. Ndipo mu 2014 yunivesite ya sayansi ya MUST inatsegulidwa ku Thyolo. Komabe mphunzitsi wosulidwa bwino sakhalitsa pamalo popanda nyumba, ndipo apa m'pamene mafumu ndi makomiti ayenera kudzifunsa ngati njerwa za nyumba za aphunzitsi zimene zinalonjezedwa zinaumbidwa.

Dera lino silisowa mitu ya masamu. Mnyamata wa ku Senga Bay amene amagawa ndalama za usipa pakati pa mwini chilimila ndi anzake okoka, atachotsa za mafuta a injini, osagwira cholembera, akuchita kale masamu a magawo. Mayi wowerengera phindu la nsomba za pathandala asanakwere galimoto ya ku Lilongwe akuchitanso chimodzimodzi, ndipo palibe amene angamubere pa chenje. Chomvetsa chisoni n'chakuti luntha lomweli limathera kunyanja, pamene mwana wagona m'bwato usiku wonse n'kudzasinza m'kalasi, kapena mtsikana wakwatiwitsidwa asanafike Folomu 2. Chonsecho m'boma lomwe lino muli malo opangira magetsi a dzuwa a ku Nanjoka, otulutsa mamegawati 60 kuyambira mu 2021, muli fakitale ya shuga, mulinso malo ofufuzira za nsomba, ndipo zonsezi zimafuna amisiri. William Kamkwamba wa ku Wimbe anasiya CDSS chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2002, koma buku la m'laibulale yaing'ono linamukwanira kupanga makina a magetsi oyendera mphepo ndi zitsulo zotayidwa. Mwana wa kuno sachepa pamenepo.

Banja limene lili ndi ndalama ndipo lapeza sukulu yoyima payokha yolembetsedwa ku Unduna wa Zamaphunziro, yokhala ndi labotale ndi aphunzitsi okhazikika, silikulakwa kutumizako mwana. Koma ana ambiri a kwa Maganga adzaphunzira pa sukulu za boma zapafupi, ndipo mphamvu za dera ziyenera kupita kumeneko. Pempho likupita kwa Gogo Chalo Mfumu Yaikulu Maganga ndi mafumu onse kuti mwana wa sukulu asapezeke padoko nthawi ya kalasi, kwa eni zilimila ndi eni malo ogona alendo kuti agulireko sukulu zoyandikana nazo mabuku ndi zipangizo za labotale, ndi kwa Olemekezeka Phungu wa dera lino pamodzi ndi khonsolo kuti pogawa ndalama za chitukuko chaka chino, nyumba ya mphunzitsi wa sayansi ikhale poyambirira.