Mmene Maloya Amafunsira pa Milandu Yogwiririra



Loya akamapanikiza mboni ya mbali inayo, malamulo amamulola kufunsa mafunso oika yankho m'kamwa. Amangoti, "Simunakuwe, sichoncho? Chitseko simunakhome, eti?" Mayi amayankha inde kapena ayi basi, mpata wofotokoza palibe. Tima-inde timeneti loya amatisonkhanitsa, ndipo pomaliza tasanduka nkhani yakuti mayiyo analola. Tcherani khutu ku aneni. Woimira boma amati "anamugwirira", woteteza amati "anagonana". Amene simunkagona pa phunziro la Chichewa mukukumbukira kuti -ana amasonyeza kuchitirana. Kamphatikiri kameneko kagawa mlandu pakati pa anthu awiri.

Titenge mlandu wa a Jacob Zuma mu 2006, ku High Court ya ku Johannesburg, pamaso pa Jaji Willem van der Merwe. Wodandaula, mayi wa zaka 31 amene anthu ankamutcha Khwezi, anali mwana wa mnzawo wa a Zuma pa nkhondo yolimbana ndi tsankho, ndipo ankawatchula kuti malume, liwu lomwe lija timalidziwa ifenso. Loya wawo, a Kemp J. Kemp, analimbana nalo liwuli, chifukwa ubale wotere ukaima, nkhani yakuti mayiyo anafuna yekha imavuta kuikhulupirira. Kenaka inabwera nkhani ya zovala: akuti usikuwo anavala kanga, nsalu yonga chitenje chathu, ndipo a Zuma anati iwo anaona ngati chizindikiro. Ine ndimadabwa, amayi athu amene amachoka kubafa atamanga chitenje tsiku ndi tsiku akutumiza uthenga kwa yani? Anamufunsanso chifukwa chake sanaitane wapolisi amene ankalondera panja. Iye anati thupi linauma ndi mantha. Khoti linalolanso kuti afunsidwe za mbiri yake ya zogonana, mpaka za ubwana wake.

Pa 8 May 2006 a Zuma anapezeka osalakwa; jaji anakhulupirira kuti panali kuvomerezana. Chigamulocho n'chimenecho, sindikuchitsegulanso. Khwezi anathawira ku Netherlands chifukwa choopsezedwa, ndipo anamwalira mu 2016.

Mu 2007 dziko la South Africa linakhazikitsa lamulo latsopano la milandu yotere. Likuti khoti lisakayikire wodandaula pa chifukwa chokhacho chakuti anachedwa kukanena, kapena chakuti mlanduwo ndi wogwiririra. Linakhwimitsanso njira yopemphera chilolezo chofunsa za mbiri yake ya zogonana.