Cholemera Chimene Maso Sachiona

Usiku wina magetsi atathima pano pa Kamwendo, ndinatuluka panja n'kuyang'ana Mlalang'amba. Nyenyezi mbwee! Koma tamverani: akatswiri a zakuthambo akuti nyenyezi, dzuwa, dziko, inu ndi ine, tonse pamodzi ndife magawo pafupifupi 5 okha pa 100 a chilengedwe.

Mu 1933, Fritz Zwicky anaona kuti milalang'amba ya m'gulu la Coma ikuthamanga kwambiri moti ikanayenera kumwazikana. M'ma 1970, mayi Vera Rubin anapezanso liwiro lotere pa nyenyezi za m'mphepete mwa Andromeda. Chilipo chimene chikuzikoka kuti zisabalalike, cholemera pafupifupi kasanu kuposa zooneka. Sichiwala, sichioneka. Amachitcha dark matter, ndipo amachidziwira ku ntchito yake basi. Amen?

Tsono ndikulankhula ndi inu agogo amene mukulera adzukulu amasiye popanda wokuthokozani. Inunso mayi amene mumadzuka mbandakucha kupempherera mwana ali ku Joni. Anthu sakukuonani, inde, koma banja lija silinamwazikane chifukwa cha inu. Mulungu akuona. Musafooke!

Mukawerenge Ahebri 11:3. Tiyeni tipemphere.